Kukoma kwa cigar ndi chiphe chake zimachokera m'chigafa chimodzi

Cigar ndi ndudu ya masamba a fodya okhaokha, yopanda pepala komanso yopanda kasefa kumapeto. Yamtengo wapatali imapichiridwa pamanja ndipo imakhala ndi magawo atatu: masamba a m'kati, tsamba lowamanga pamodzi, ndi tsamba lakunja losalala, lopanda banga kapena chiboo. Yaikulu imakhala ndi fodya wolemera magalamu 5 mpaka 20, pamene ndudu ya m'paketi siikwana ngakhale galamu imodzi, ndipo kuti munthu aimalize pamapita ola limodzi kapena awiri. Zotchuka kwambiri zimachokera ku Cuba, makamaka kudera la Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río, komanso ku Dominican Republic, Nicaragua ndi Honduras. Mu Africa muno, dziko la Cameroon ndi lomwe limadziwika ndi tsamba labwino lokutira kunja.

Cigar yotereyi siipezeka m'magolosale a pa Bolero, ndipo mtengo wa imodzi ukhoza kuposa ndalama imene mlimi amalandira pa makilogalamu angapo a fodya ku okushoni ya ku Mzuzu. Komabe mlimi wa ku Bolero, komwe ndi kulikulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe m'boma la Rumphi, amadziwa zambiri za chinsinsi cha kukoma kwake kuposa anthu ambiri amene amaisuta. Fodya wa bale, yemwe Atumbuka amangomutcha hona monga fodya wina aliyense, amauma ndi mphepo m'chigafa, chimodzimodzi fodya wa cigar. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, ndipo chiyambire nthawi imeneyo zigafa zafika pokhala mbali ya mudzi ngati nkhokwe.

Mphamvu ya fodya imayambira pansi pa nthaka. Chikonga chimapangidwa m'mizu, n'kukwera kupita m'masamba, ndipo ntchito yake pa chomeracho ndi kupha tizilombo tofuna kudya tsamba. Mlimi akadula nsonga kuti fodya asachite maluwa, n'kumachotsanso mphukira, chakudya chonse chimathera m'masamba otsalawo: amakula, amakhuthala, chikonga chimachuluka. Masamba a pamwamba, omwe amawombedwa kwambiri ndi dzuwa komanso amathyoledwa pomaliza, ndiwo aukali. A pansi ndi opyapyala ndi ozizira, koma amayaka bwino. Ku Cuba masamba a pamwambawo amawatcha ligero, a pakati seco, a pansi volado, ndipo luso la wopichira cigar lagona pa kusakaniza mitundu itatuyi kuti ina ipereke mphamvu, ina fungo, ina moto.

Tsamba likasokedwa n'kupachikidwa pa mikangala, silifa nthawi yomweyo. Kwa masiku angapo limakhala likudya chakudya chake chomwe. Kubiriwira kumatha, tsamba limasanduka lachikasu kenaka lofiirira, sitalichi wa m'kati amasanduka shuga, ndipo popeza kuuma kwa m'chigafa kumatenga masabata anayi mpaka asanu ndi atatu, shugayo amatha pafupifupi yense. Apa ndi pamene bale ndi fodya wa cigar amasiyanirana ndi fodya wootcha m'mabani, yemwe amauma m'sabata imodzi yokha shuga wake akadali momwemo. M'nyengo yomweyi tinthu tachikasu ta m'tsamba, ta mtundu umodzi ndi timene timapatsa karoti ndi dzungu maonekedwe ake, timaphwanyika n'kutulutsa timafungo tonunkhira. Fungo limene limamveka munthu akalowa m'chigafa m'mawa wa mwezi wa Epulo, tsamba litafewa ndi chinyezi cha usiku, ndi chiyambi cha fungo limene osuta cigar amalipirira ndalama zambiri.

Njira ya bale ndi ya fodya wa cigar zimapatukana fodya akatsika pa mikangala. Mlimi wa bale amasankha masamba, kumanga, kudinda mabelo ndi jeke, ulendo wa kumsika. Akapisa dzanja m'mulu wa fodya n'kumva kutentha, mtima umamugunda, chifukwa akudziwa kuti fodya wonyowa amachita nkhungu n'kubwezedwa ku okushoni. Wopanga cigar amafuna kutentha komweko, koma kokhala ndi malire. Amawaza madzi pa masamba, kuwaunjika m'milu ikuluikulu, n'kuwasiya kuti atenthe okha. Kutentha kukafika pamlingo umene akufuna, kawirikawiri madigiri oposa 40, amaphwasula muluwo, masamba a m'kati n'kuwaika kunja, a kunja m'kati. Amabwereza zimenezi kwa masabata kapena miyezi. M'mulumo mumatuluka amoniya wochuluka mwakuti wolowa m'chipindamo amatuluka misozi ili mbwembwembwe. Kuwawa ndi kukereketa kwa tsamba kumachepa, mtundu umadera, kenaka fodyayo amasungidwa m'mabelo kwa chaka kapena zaka zingapo.

Osuta amafotokoza kukoma kwa cigar ndi mawu monga khofi, koko, tsabola, chikopa, mtengo kapena dothi lonyowa, ngakhale kuti mu cigar yeniyeni simuthiridwa chilichonse mwa zimenezi. Lilime limangozindikira kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere ndi kukoma konga kwa msuzi wa nyama. Zina zonsezo ndi ntchito ya mphuno, pamene utsi ukukwera kuchokera kukhosi kupita kumphuno cham'kati. N'chifukwa chake wodwala chimfine samva kukoma kwa ndiwo. Chimene amati tsabola ndi kuyabwa chabe kwa minyewa ya m'kamwa ndi m'mphuno ikakhudzidwa ndi chikonga. Kukomako kumasinthanso cigar ikamafupika: utsi wodutsa m'kati umasiya phula ndi chikonga m'gawo lotsala, choncho chakumapeto imawawa ndi kuledzeretsa kuposa poyamba. Eni ake amaisunga m'bokosi la matabwa la chinyezi cha 70 peresenti kapena kuchepera pang'ono, poti ikauma imayaka mofulumira n'kumawawa, ikanyowa imazimazima.

Ambiri osuta cigar sakokera utsi m'mapapo. Amangousunga m'kamwa n'kuutulutsa. Apa ndi pamene panabadwira chikhulupiriro chakuti cigar ilibe vuto, ndipo yankho lake lili pa shuga uja anathera m'chigafa. Shuga akapsa amapanga utsi wa asidi, ndipo mu utsi wotero chikonga sichidutsa bwino khungu la m'kamwa, kotero wosuta ndudu wamba amayenera kuukokera m'mapapo kuti amve kanthu. Utsi wa fodya wopanda shuga uli mbali inayo, mbali ya chidulo ndi soda wophikira therere. Mu utsi umenewu chikonga chimakhala chomasuka ndipo chimalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo. Agogo amene amasakaniza phulusa kapena chidulo mu fodya wawo wofwenkha anatulukira mfundo yomweyi kalekale popanda labotale. Cigar imodzi yaikulu imakhala ndi chikonga chokwana mamiligalamu 100 mpaka 200, pamene ndudu imodzi imakhala ndi pafupifupi 10, choncho chibaba chimagwira ngakhale munthu amene sanamezepo utsi.

Kuumitsa pang'onopang'ono ndi kuvundika kuja kuli ndi mphatso inanso. Pa nthawi imeneyi chikonga ndi abale ake amasanduka mankhwala otchedwa nitrosamine, omwe ali m'gulu la zinthu zodziwika bwino kuti zimayambitsa khansa, ndipo mu utsi wa cigar amachuluka kuposa mu utsi wa ndudu. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Amene sakokera utsi amachepetsako ngozi ya m'mapapo poyerekeza ndi wosuta ndudu, koma milomo, lilime, nkhama ndi kholingo zimakhala zikusambitsidwa ndi utsiwo kwa ola lathunthu, ndipo malovu amene amameza amatengera mankhwalawo kummero. Khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kummero, matenda a mtima komanso kuguluka kwa mano zimapezeka kwambiri mwa osuta cigar kusiyana ndi osasuta. Sigmund Freud, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, ankasuta cigar pafupifupi 20 patsiku. Anamupeza ndi khansa ya m'kamwa mu 1923 ndipo anachitidwa maopaleshoni oposa 30 asanamwalire mu 1939. Ku Malawi nkhaniyi ndi yosaseketsa, chifukwa dzikoli lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo fodya ndi chimodzi mwa zinthu zingapo zimene zimaikolezera.

Wokhala pafupi ndi wosuta cigar nayenso sapulumuka. Tsamba lokutira cigar sililowetsa mpweya ngati pepala, choncho fodya wa m'kati sapsa mokwanira ndipo amatulutsa mpweya wambiri wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka.

Ku Bolero chikonga chimafika m'thupi la anthu ambiri popanda ndi machesi omwe. Chimasungunuka m'madzi, ndipo wothyola fodya m'mamawa, masamba ali ndi mame kapena mvula itangokata, amawapanira m'khwapa malaya ali chonyowa, manja atada ndi phula lomata. Chikongacho chimalowa kudzera pakhungu. Pakapita maola ochepa munthu amamva chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka, zizindikiro zimene n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo, makamaka poti nyengo yothyola fodya ndi nyengonso ya udzudzu. Ana ndiwo amagwidwa msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009 linanena kuti mwana wogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chofika mamiligalamu 54 patsiku. Vutoli limachepa ngati wothyola adikira kuti mame akamuke, avala magolovesi ndi chovala cha pulasitiki, asintha zovala zonyowa msanga ndiponso asamba ndi sopo akaweruka. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, ndipo ndime 18 ya panganoli ikukamba za kuteteza thanzi la anthu ogwira ntchito yolima ndi kukonza fodya.