Chiphaso Chimene Chinatseka Pakamwa pa Oimba a ku New York

Usiku uno nkhani yathu ikuchokera mumzinda wa New York, ku America, kumene kwa zaka 91 kuvina m'malo omwera mowa kapena odyera kunali mlandu ngati mwini malowo analibe chiphaso chapadera.

Lamuloli, lotchedwa Cabaret Law, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1926, pamene nyimbo za jazz zinali kukokera azungu ndi anthu akuda pamodzi m'nyumba zovinira za ku Harlem. Ambiri amakhulupirira kuti cholinga chake chenicheni chinali kuletsa kusakanizanako. Chiphasocho chinali chodula ndiponso chovuta kupeza. Malo opanda chiphaso sankaloledwa kukhala ndi oimba oposa atatu, ndipo malipenga ndi ng'oma zinali zoletsedwa. Tangoganizani, omvera, gule wopanda ng'oma!

Koma chowawa chenicheni chinadza m'chaka cha 1940. Kuyambira pamenepo aliyense wogwira ntchito m'malo otere, oimba omwe, anayenera kupita kupolisi kukadinda zala kuti apatsidwe khadi. Munthu amene anamangidwapo ankatha kumanidwa khadiyo kapena kulandidwa, ndipo popanda iyo sakanaimba pamalo alionse ogulitsa mowa mumzindawo. Komatu kumeneko ndiko kunali chakudya cha oimba a jazz.

Mayi Billie Holiday anamangidwa m'chaka cha 1947 pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo. Atatuluka m'ndende chaka chotsatira, anakaimba mu Carnegie Hall, holo yotchuka ija, ndipo anthu anadzaza pha! Koma kukaimba m'kanyumba ka mowa ka mumzinda womwewo, lamulo linati toto, ndipo anamwalira m'chaka cha 1959 khadi yake isanabwezedwe. Chilango cha khoti anachimaliza, koma cha apolisi chinalibe malire.

Thelonious Monk, katswiri wa piyano, analandidwa khadi m'chaka cha 1951 apolisi atapeza mankhwala m'galimoto imene anakwera ndi mnzake Bud Powell. Iye anakana kuneneza mnzakeyo. Zaka 6 zinapita asakuoneka m'nyumba zazikulu za jazz za mumzinda umene anakulira, kufikira 1957 pamene anakaimba ku Five Spot pamodzi ndi John Coltrane. Nyimbo zimene anthu akanamva pa zaka zimenezo palibe angaziwerenge.

Makhadi aja anathetsedwa m'chaka cha 1967, ndipo malire a oimba atatu anagwetsedwa ndi khoti m'chaka cha 1988. Za kuvina zokha zinatsala. M'zaka za m'ma 1990, pa ulamuliro wa mfumu ya mzinda Rudolph Giuliani, lamulolo linadzutsidwanso mwamphamvu, mpaka eni mabala anapachika zikwangwani zoletsa kuvina poopa chindapusa. Pamene linafafanizidwa m'chaka cha 2017, mwa malo oposa 20,000 odyera ndi omwera mumzinda wonsewo, pafupifupi 100 okha ndiwo anali ndi chiphaso.