Mukakolola, Tengani Ana Akaone Lilongwe

Inu alimi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, ambiri a inu mumapita ku Lilongwe pokhapokha pakagwa matenda kapena potsatira fodya ku okushoni. Nanga ana anu adzauona liti mzinda umene unakhala likulu la dziko lathu mu 1975?

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, panganani pa kalabu kapena pa mpingo, musonkhe ndalama ya basi. Mutu umodzi susenza denga.

Odzera msewu wa ku Mchinji muime pa Chitedze, pamene akatswiri akhala akuyesa mbewu kuyambira 1948. Alangizi anu akupemphereni chilolezo tsiku lisanafike.

Mukalowa m'tauni, kaoneni manda a Dr. Kamuzu Banda, amene anamwalira mu 1997, ndi Nyumba ya Malamulo imene ili pafupi pomwepo. Mukatero tsikirani ku Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango yosungidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, mmene muli apusi ndi mbalame zamitundumitundu. Pakhomo amalipiritsa, choncho funsiranitu mtengo.

Nyamulani kamba wa mbatata ndi thobwa, ndipo muziwerenga ana pokwera ndi potsika. Ndalama yothera ku mowa siisiya kanthu, koma chimene mwana waona ndi maso ake sachiiwala.