Chifukwa chake namwino amadzutsa wodwala usiku

Anthu akamadandaula kuti anamwino salola odwala kugona, ine ndimawauza za bambo amene wangochitidwa opaleshoni ya m'mimba. Magazi akamatayikira m'kati, BP sifulumira kutsika, chifukwa thupi limafinya mitsempha n'kubisa vutolo. Umayamba kuulula ndi mtima, umagunda kupitirira ka 100 pa mphindi. Kupuma kumafulumira, manja amazizira, ndipo mkodzo wotsikira m'thumba sukwana mamililita 30 pa ola. Bamboyo amangotembenukatembenuka, n'kumapempha madzi. Namwino wodziwa ntchito yake sadikira kuti bandeji inyowe, ayi. Amayerekeza manambala a tsopano ndi amene analembedwa madzulo, ndipo akaona kuti akuipiraipira amaitana dokotala pompo, ngakhale ili 2 koloko usiku.