Tsiku Limodzi la Mlendo ku Mangochi

Akuluakulu akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu umaoneka bwino ku Mangochi, kumene alendo ochokera ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa amafika chaka ndi chaka kudzaona Nyanja ya Malawi. Ambiri sakhalitsa, koma zimene aona, adya ndi kumva m'tsiku limodzi ndizo amakasimba kwao monga mbiri ya dziko lonse. Tsono nkhani ya lero ikutsata mlendo mmodzi wotere kuyambira m'mawa kufikira kulowa kwa dzuwa.

Ulendo wake umayambira pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi umene umaoloka mtsinje wa Shire. Kale malowa ankatchedwa Fort Johnston, potsata linga limene Angerezi anamanga m'chaka cha 1891 m'dera la Mfumu Mponda pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Pamenepo mlendo amaona nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Amaonanso mfuti yaikulu ya sitima yotchedwa Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaononga sitima ya Ajeremani panyanjapo, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Eni mudzi amadutsa pamenepa pa njinga osacheuka, koma mlendo amaima nthawi yaitali, kuwerenga zolembedwa.

Akalowa mumsika ndi pamene kusiyana kwa miyambo kumayamba kuonekera. Kwao munthu angathe kufunsa mtengo wa chinthu popanda moni, ndipo palibe womudzudzula. Kuno moni ndiye amatsogola, ndipo mlendo amene waphunzira kunena “zikomo”, kapena “sikomo” m'Chiyao, amalandiridwa ndi nkhope zowala. Popeza anthu ambiri m'bomali ndi Asilamu, iye amamva kuitanira mapemphero kumzikiti, ndipo akafika Lachisanu masana amapeza ogulitsa ena atatseka malonda. M'mwezi wa Ramadan amayenera kudziwa kuti anzake ambiri akusala kudya mpaka madzulo.

Kavalidwe nakonso kamamudabwitsa. Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi linathetsedwa mu 1993, komabe ulemu wa m'midzi sunathe nalo. Chovala chosambira n'cha kugombe la hotela. Mumsika mayi wachilendo amachita bwino kumanga chitenje. Chimodzimodzinso kujambula: munthu sajambulidwa ngati mtengo wa mlambe, ayenera kupemphedwa choyamba.

Masana mlendo amakhala pansi kuti adye nsima ya chambo. Amadabwa kuona wina akubwera ndi madzi ndi beseni, nam'sambitsa m'manja, kuyambira kwa wamkulu. Amafunafuna foloko, kenaka amaona anzake akutema nsima ndi dzanja lamanja, kuiumba, ndi kususa m'ndiwo. Mbamu yoyamba imam'tentha zala, ndipo anthu amaseka. Kumeneku si kunyoza ayi, koma kukondwa kuti walawa zakwathu. Amadabwanso kuona kuti mutu wa nsomba, umene kwao ambiri amataya, kuno ndi wokondedwa.

Koma mbale imeneyi ili ndi nkhani yake. Chambo chachepa kwambiri, makamaka m'Nyanja ya Malombe kuyambira zaka za m'ma 1990, kaamba ka kupha nsomba mopyola muyeso ndi maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi kasawala yemwe. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka nyengo imene nsomba zikuswana. Chambo chikatha, msodzi ndi wophika onse adzagona ndi njala, ndipo mlendo sadzapeza chimene anamva mbiri yake.

Chakumadzulo galimoto limam'tengera ku Cape Maclear, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pa boma. Kumeneko kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Anyamata a m'mudzi wa Chembe amam'kweza bwato kupita kuchilumba cha Thumbi, kumene amaona mbuna, tinsomba ta mawanga owala timene chilengedwe chinatiika m'nyanja ino yokha, ndi nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi. Amayenderanso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta.

Pagombe la mudzi amaona kuti nyanja imene iye wadzera kupumula, kwa eni ake ndi munda ndi chitsime: amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, abambo akusoka maukonde, usipa utayanikidwa pamathandala. Amuna ali ndi malo ao osambira, akazinso ao, ndipo wanzeru amafunsa asanadutse. Apa ndi pamenenso ana amam'thamangira kupempha ndalama. Mlendo amapereka mwachifundo, osadziwa kuti mwana wozolowera kulandira pagombe amayamba kujomba kusukulu. Makolo ndi mafumu ndiwo ayenera kuletsa khalidwe limeneli, ndipo mlendo alangizidwe kuti thandizo lenileni ndilo kugula kwa wosema ziboliboli, wopalasa bwato ndi wogulitsa zipatso, pamtengo woyenera.

Dzuwa likamalowa, nyali za asodzi a usipa zimayamba kuwala panyanja ngati mudzi woyandama. Mlendo amabwerera kogona atadziwa kuti zambiri zimene zinam'dabwitsa zili ndi chifukwa chake. Mawa mame adzakhala atakamuka, koma mau amene adzakanene kwao ndiwo adzaitana kapena kubweza alendo ena.