Bwato Pamtsinje wa Luangwa

Ndikakhala m'mphepete mwa Luangwa kufupi ndi Mfuwe, maso anga sachoka pa opalasa bwato. Wodziwa ntchito salunjika pomwe akufuna kukakocheza. Amalozetsa bwato chakumtunda, chifukwa madzi amukokera kumunsi.

Tiyerekeze kuti walunjika kutsidya, akupalasa makilomita 4 pa ola, madzi akuthamanga makilomita 3 pa ola. Ine wa pagombe ndiona bwato likuyenda chopingasa, makilomita 5 pa ola. Mwana wokhala m'bwatomo aona mitengo ya pagombe ikutsetsereka, atate ake opalasawo ali pomwepo. Tonse tikunena zoona, ndipo zimenezi zimandikondweretsa. Pa nkhani yomweyi, Galileo analemba mu 1632 kuti wotsekeredwa m'ngalawa yoyenda mosagwedezeka sangadziwe n'komwe kuti ikuyenda.