Zinthu 9 zodabwitsa zimene wageni wa ku Mbayani ayenera kudziwa pamene foni yayamba kuyankha yokha

Ku Mbayani munthu sasochera nthawi yaitali. Ukatsika minibasi n'kufunsa kuti owotcherera mageti ali pati, wakabaza akulozera, ndipo mayi wogulitsa tomato awonjezera kuti uja wa kumtunda amachedwetsa ntchito, winayo ndi waluso koma ngodula. Malonda akuno akhala akuyendera pakamwa chomwechi. Koma wogula wa ku Namiwawa, kapena mwana wakwathu amene ali ku Joni ndipo akufuna geti la nyumba imene akumangira makolo, alibe wakabaza womufunsa. Iye amafunsa foni. Foniyo nayo yasintha kayankhidwe. Kale inkakuyalira masamba ambirimbiri kuti usankhe wekha, lero ikumayankha ngati munthu wodziwa zonse. Amene akuyankhayo ndi makina otchedwa AI.

1. Makinawa analowa pa WhatsApp ya ku Malawi asanalowe pa ya ku France ndi Germany

Tinazolowera kuti zatsopano zimatipeza zitatopa kale, ngati kaunjika. Apa zinatembenuka. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inatsegula Meta AI m'maiko owerengeka kunja kwa Amereka, ndipo Malawi anali pamndandanda pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Uganda, Ghana, Nigeria ndi South Africa. Maiko a mu European Union anadikira mpaka Malichi 2025 chifukwa cha malamulo awo okhwima oteteza zinsinsi za anthu. Choncho kasitomala wanu sakuchita kupita kutali kuti afunse makinawa. Ali nawo mommuja momwe amacheza ndi alamu ake, pa bandulo yomweyo ya WhatsApp.

2. Anthu akumva yankho, koma pakhomo panu sakufika

Google inayamba kuika yankho lolembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira zake mu Meyi 2024 ku Amereka, ndipo pofika Meyi 2025 inali itafikitsa zimenezi m'maiko ndi zigawo zoposa 200. Bungwe la Pew Research Center linalondoloza mmene akuluakulu 900 a ku Amereka anafufuzira zinthu mu Malichi 2025. Pamene yankho la makina linaoneka, anthu anatsegula tsamba lina maulendo 8 okha pa 100 alionse. Pamene silinaoneke, anatsegula maulendo 15. Otsegula tsamba limene makinawo anatchula mkati mwa yankho lawo anali 1 pa 100.

Awa ndi manambala a ku Amereka, ndipo amene akulira nawo kwambiri ndi eni nyuzipepala, poti iwo amadyera pa anthu olowa patsamba. Telala wa ku Chemusa nkhani yake ndi ina. Iye sadyera pa alendo a patsamba, amadyera pa foni kulira. Ngati yankho la makina latchula dzina lake, nambala yake ndi pamene ali, ntchito yatheka ngakhale patsambapo pasapondedwe.

3. Google inafafaniza masamba aulere amene inapatsa amalonda ang'onoang'ono

Panali nthawi imene aliyense wolembetsa bizinesi yake pa Google ankatha kupanga katsamba kaulere kothera ndi mawu oti business.site. Mu Malichi 2024 timasamba timeneti tinazimitsidwa, ndipo pofika Juni chaka chomwecho ngakhale njira yolondolera alendo kwina inatsekedwa. Amene anasindikiza adiresi imeneyo pa makadi kapena kuilembetsa pakhoma la shopu anatsala ndi utoto basi. Ife a m'matauni a lendi timaidziwa nkhani imeneyi: ukhoza kusesa, kuzira, kubzala maluwa, koma mwini nyumba akati mwezi ukatha mutuluke, umatuluka.

4. Sitetasi yanu ya pa WhatsApp, imene mumaidalira kwambiri, makina ofufuza saiona

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Geni yambiri ya ku Mbayani, Chirimba ndi Ndirande ili kale pa intaneti, koma ili m'chipinda chotseka. Mayi waoda nsapato ku Limbe, wajambula, waika pa sitetasi. Oziona ndi okhawo amene ali ndi nambala yake ndipo iye ali ndi yawo, ndipo pakatha maola 24 zithunzizo zimazimiririka. Za m'magulu a WhatsApp nazo n'zotsekeredwa, Google siziwerenga. Ndiye kuti munthu akhoza kugulitsa nsapato zaka zisanu, tsiku lililonse akuika zithunzi, koma kwa makina ofufuza iye sanabadwe n'komwe.

Chachiwiri chake ndi chizolowezi chathu cha mapositala. Timakonda chithunzi chimodzi chokongola chimene dzina, mitengo, nambala ndi malo zonse zalowetsedwa mkati mwake. Diso la munthu limasangalala, koma chimene makina amadalira kwambiri ndi mawu olembedwa ngati mawu, oti munthu akhoza kuwakopera. Ena mwa makinawa amayesa kuwerenga zolembedwa pachithunzi, koma n'kuika mwana pamsana wa mlendo. Chithunzi chiikidwe ndithu, koma pansi pake palembedwenso zomwezo: mumapanga chiyani, muli pati, mumatsegula nthawi yanji, mumalandira Airtel Money kapena Mpamba, katundu mumakasiya mpaka kuti. Ndipo zikhale pamalo poonekera aliyense, kaya ndi patsamba lanu, pa tsamba la bizinesi la Facebook losatseka, kapena pa Google Business Profile imene mpaka pano kulembetsa kwake n'kwaulere.

Amene amalemba kuti mtengo kubokosi, n'cholinga choti wopikisana naye asaudziwe, adziwe kuti akubisiranso makina amene kasitomala akuwafunsa.

5. Blantyre alipo awiri, Limbe naye alipo awiri

Amishoni a Church of Scotland atamanga misasa kuno mu 1876 anatcha malowa dzina la kwawo kwa David Livingstone, ndipo Blantyre wa ku Scotland uja akadalipo, ali ndi mashopu ake ndi masamba ake ambiri m'Chingerezi. Limbe wina ali m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Cameroon, tauni imene inkatchedwa Victoria mpaka 1982. Inu mukalemba kuti muli ku Limbe n'kusiyira pomwepo, mwawasiyira makina kuti alote. Lembani zonse: Mbayani, Blantyre, Malawi.

Vuto lina n'lakuti ife timalondolerana ndi zizindikiro. Mukafika pa chigayo mukhote, mudutse mpope wa madzi, nyumba ya chitseko chobiriwira. Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba, koma wakabaza akadali kufunsa za chigayo. Poyembekezera, Google Maps ili ndi zimene imazitcha Plus Codes, kachizindikiro kakafupi ka zilembo ndi manambala kamene kamaloza malo alionse padziko, ngakhale okala ya m'kanjira kopanda dzina. Muime pakhomo pa shopu, mudinde malowo pa mapu, mukopere kachizindikiroko. Koma za chigayo zija musazichotse. Zimenezo n'za anthu.

6. Wikipedia ya Chitumbuka ndi yaikulu kuposa ya Chichewa

Makina a AI amaphunzira chilankhulo pomeza zolembedwa, ndipo Chichewa cholembedwa pa intaneti n'chochepa modabwitsa poyerekeza ndi unyinji wa ochilankhula. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni. Ya Chichewa yangopitirira 1,000, pamene ya Chitumbuka inadutsa 10,000 chifukwa cha khama la anthu ochepa odzipereka. Google Translate inalandira Chichewa mu Disembala 2014, Chitumbuka mu Juni 2024, koma aliyense amene anayesapo kumasulira kalata ya chinkhoswe amadziwa mmene imapunthwira.

Ena amaona izi ngati chifukwa cholembera m'Chingerezi chokha. Ine ndikuona mwayi. Pamene palibe wolemba, wolemba woyamba ndiye amamveka. Kalipentala amene walemba bwinobwino m'Chichewa kusiyana kwa mlombwa ndi paini pa mpando wa pabalaza alibe opikisana naye ambiri. Alembe ziwiri zonse, Chichewa ndi Chingerezi, ndipo agwiritse ntchito mawu enieni amene ogula amanena. Palibe amene amafunsa za chipangizo chophikira ndi makala. Amati mbaula.

Kuti makina angathe kuyankha Chichewa chothandiza tinazionera pa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa kuno mu 2024. Imayankha mafunso a alimi potengera buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe. Chinsinsi chake n'chakuti panali buku loti iwerenge.

7. Makinawa anauzapo anthu kuti athire guluu pa chakudya

Mu Meyi 2024, yankho la AI la Google linalangiza anthu kuti tchizi chikamasereka pa pizza asakanize guluu mu msuzi wake. Gwero lake linali nthabwala imene munthu wina analemba pa Reddit zaka 11 m'mbuyomo. Google inakonza, dziko linaseka. Koma wamalonda asaseke kwambiri, chifukwa makina amene sanasiyanitse nthabwala ndi malangizo sangadziwenso okha kuti mtengo wanu ndi wakale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Tsamba lolembedwa izi zisanachitike likhoza kutumiza kasitomala pakhomo panu atanyamula ndalama ya dzana, n'kuyamba kukutchani wakuba. Mtengo uliwonse uzikhala ndi deti pambali pake. Mukasintha nambala ya foni kapena kusamuka, musinthe paliponse pamene munalembapo, poti makina akapeza manambala awiri osiyana amangotola imodzi.

8. Akuluakulu akutseka zitseko, inu mukufunika kutsegula

Nyuzipepala ya The New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft mu Disembala 2023 pa nkhani yogwiritsa ntchito zolemba zake. Mu Julaye 2025 kampani ya Cloudflare, imene imalondera masamba ochuluka zedi padziko, inayamba kutsekereza makina a AI pa masamba atsopano pokhapokha mwini wake atavomera. Kwa eni nyuzipepala n'zomveka, katundu wawo ndi mawuwo. Wogulitsa simenti katundu wake ndi simenti, mawu ndi oitanira chabe. Ngati wina anakupangirani tsamba, mufunseni ngati makina ofufuza akuloledwa kuliwerenga.

9. Palibe mankhwala a chitaka oti Google ikukondeni

Kwabuka akatswiri olonjeza kuti mukawalipira dzina lanu lizituluka m'mayankho a AI. Google yokha inanena poyera kuti palibe fayilo yapadera kapena chizindikiro chobisika chofunika kuti tsamba lioneke m'mayankhowo. Likungofunika kukhala lowerengeka ndi makina ake, monga kale. Ndipo mu 2023 kampaniyi inamaliza kusamukira ku dongosolo loweruza tsamba potengera mmene limaonekera pafoni, osati pakompyuta. Tsamba lodzaza zithunzi zolemera ndi mavidiyo odziyambitsa okha limamaliza bandulo ya munthu asanaone n'komwe nambala yanu.

Ngati pali pofunika kuikapo ndalama, ndi pa dzina la tsamba lanulanu. Maina othera ndi .mw amasungidwa konkuno ku Blantyre ndi Malawi SDNP. Mukamalembetsa, kaya ndi .mw kaya .com, onetsetsani kuti lalembedwa m'dzina lanu kapena la bizinesi yanu, osati la mnyamata amene anakupangirani. Nambala zachinsinsi zolowera muzisunge nokha m'kope lomwe lija mumalembamo angongole, chifukwa anyamata odziwa kompyuta sakhalitsa. Lero ali pa Ginnery Corner, mwezi wamawa mumva kuti anakwera basi ya ku Joni pa Wenela.