Kusemphana kwa Mawu ndi Zochita: Phunziro Lochokera ku Zomba

M'nkhani zimene mukuwerenga pokonzekera mayeso a MSCE mukumana ndi atengambali amene amalankhula zokoma koma n'kumachita zosemphana ndi mawu awo. Munthu wotere timati ndi wachiphamaso, ndipo makolo anamupangira mwambi wakuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Kuti mumzindikire, dzifunseni mafunso atatu awa:

1. Kodi munthuyu wanena chiyani?
2. Kodi wachita chiyani?
3. Nanga wapindula ndani, ndipo wavutika ndani?

Tiyeni tiyese mafunsowa pa mbiri ya Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino mpaka 1975 ndipo unasunga Nyumba ya Malamulo mpaka 1994.

Pa ndale

Pa 3 Marichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsekeredwa ku Gwelo popanda kuzengedwa mlandu mpaka Epulo 1960. Iye ndi anzake ankadzudzula nkhanza zimenezi, ndipo dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, pa chizindikiro cha boma panalembedwa mawu otanthauza umodzi ndi ufulu. Amenewo ndiwo mawu. Tsopano onani zochita.

Patangopita miyezi iwiri, nduna zina zinatsutsana ndi Dr. Banda pa nkhani zingapo, monga ya ndalama imene odwala ankati azilipira m'zipatala. Iye anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, ndipo Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Nkhaniyi inakambidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba mu Seputembala 1964. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo kumanga anthu popanda mlandu, kumene atsogoleriwa ankadandaula nako, kunapitirira.

Ndende ya Mikuyu, kunja kwa mzinda wa Zomba, ndi mboni. Mlakatuli Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa pa Chancellor College, anamangidwa mu Seputembala 1987 ndipo anatulutsidwa mu Meyi 1991 osaonekera m'khoti. Orton Chirwa, yemwe anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, anafera m'ndende yaikulu ya Zomba mu 1992. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mitembo yawo inapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati inali ngozi ya galimoto, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa.

Musaganize kuti khalidweli linatha ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Mu 2002 ena mwa omwe ankadzudzula upulezidenti wamuyaya anayesa kusintha malamulo kuti Bakili Muluzi apikisanenso atalamula kale kawiri. Aphungu ovomereza sanakwane, ndipo ganizolo linagwa.

Pa malonda

Alimi ankauzidwa kuti chuma chili mu nthaka. Mu 1971 boma linakhazikitsa bungwe la ADMARC loti lizigula mbewu za alimi ang'onoang'ono. Koma bungweli linkagula pa mtengo wotsika n'kumagulitsa pa mtengo wokwera, ndipo gawo la phindulo linkapita ku minda ikuluikulu ya fodya, kuphatikizapo ya kampani ya Press Holdings yomwe mwini wake anali Dr. Banda. Mpaka 1990 mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale pamunda pake, fodya amene ankabweretsa ndalama zambiri. Apa funso lachitatu lija likuyankhika mosavuta: mlimi ndiye ankakhetsa thukuta, wodyerera anali wina.

Mmene mungayankhire funso

Zimene mwachita ndi mbiriyi ndi zomwezo muyenera kuchita ndi mtengambali wa m'buku, kaya ndi mfumu, mbusa, phungu kapena mwini golosale.

Choyamba, musangoti, "Uyu ndi wachiphamaso." Tchulani zimene ananena, kenaka zimene anachita, ndipo mulumikize ziwirizi ndi mawu monga "koma", "chonsecho" kapena "m'malo mwake".

Chachiwiri, siyanitsani chimene chatsimikizika ndi chimene anthu akungoganizira. Mwachitsanzo, Dr. Banda ndi John Tembo anazengedwa mlandu wa ku Mwanza, koma mu Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa. Chomwechonso m'buku, musamunamizire mtengambali chimene mlembi sanaonetse.

Chachitatu, kumbukirani kuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mbali ziwiri. Yemwe anamanga anthu ndi yemweyonso anatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Yankho labwino limaona mbali zonse, kenaka limagamula ndi umboni.

Chachinayi, fotokozani zotsatira zake. Mlembi saonetsa chiphamaso pofuna kungoseketsa ayi. Amafuna muone amene wapwetekeka nacho. Pamenepo ndi pamene pagona phunziro la nkhani.

Ntchito

1. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."
2. Sankhani mtengambali mmodzi m'buku limene mwawerenga. Perekani mfundo ziwiri zoonetsa kuti mawu ake akusemphana ndi zochita zake.
3. Kodi ndani anavutika chifukwa cha khalidwe la mtengambaliyo? Tsimikizani yankho lanu ndi zitsanzo za m'bukumo.